A Kalekeni ndi Malegeni Awo

Kwa Chisemphere konse munthu wodana ndi msomali anali mmodzi: a Kalekeni. Iwo chilichonse ankamanga ndi malegeni odula ku chubu cha njinga. Chigafa cha fodya, chitseko, magalasi a m'maso, ngakhale buluku lopitira ku tchalitchi.

"Chouma gwa chimathyoka," ankatero uku akukukokera legeni pamphuno. "Chinthu chabwino ukachikoka chimabwerera."

Ndiye ankayesa zinthu za eni osapempha. Pamsika ankadina matiresi mpaka wogulitsa kuwathamangitsa. Tsiku lina phungu atabwera kudzapempha mavoti, a Kalekeni anakwera pabampala ya galimoto lake n'kuyamba kudumphadumpha.

"Madala, mukutani?" anafunsa phunguyo.

"Ndikuyesa masipuling'i. Awa ngabwino, akatsika akubwerera. Inu ndiye munatha mphira, mukapita ku Lilongwe mumatheratu komweko."

Phunguyo anaseka ngati zamukomera, koma mjigo umene anatilonjeza sitinauone.

Nkhani imene sitinkaseka inali ya Success, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anathawira ku Joni bambo ake atamunena pagulu kuti ndi mlesi. A Kalekeni anakaniratu kumuimbira foni.

"Mupepeseni mwanayo," ankachonderera akazi awo, a Fainess.

"Abwerera yekha. Ndikudziwa pamene ndamukokera."

"Legeni likakhalitsa chikokere limaduka, bambo."

A Kalekeni anangopita kukadina matayala a ngolo ya eni.

Atadwala, analamula kuti bokosi lawo lisadzakhomedwe msomali.

"Mukufuna mudzabwerere?" anafunsa a Fainess.

Atamwalira, tinalimangadi ndi malegeni. Panjira ya kumanda chivindikiro chinkanyamuka pabampu iliyonse, moti amayi a Mvano nyimbo inawathawa.

Success anafika nkhata zitafota kale pamanda. Anabwereradi monga bambo ake ankanenera, kungoti womuuza kuti "ndinanena ine" panalibe. Ine zinandiwawa, sindinama.

Lero kuno machubu akale angoti mbwee, ndipo aphungu amaimika magalimoto awo mopanda mantha. Legeni la chitseko cha a Kalekeni linaduka, chitsekocho chimangolendewera. Dzulo ndinamupeza Success atakhala pakhonde ndi chubu ndi lezala, akudula mokhotakhota, uku akufunsa mayi ake kuti bambo ankayambira mbali iti.