Nthenda ya Mabwana

Lolemba

Uthenga wokoma, Mulungu andikhululukire: a Gervazio atupa chala chachikulu cha kuphazi. Nsapato sikulowa, kuponda sakuponda. Akuti ndi gota. Ine ndaphunzitsa Chipwitikizi mpaka tsiku la reforma yanga, pamene ndinapuma pa ntchito, ndipo gota ndi dontho. Dontho lanji logwetsa munthu wamkulu? Komabe sindikutsutsa.

Chachikulu ndi ichi: Lamulungu tikuyenda ndi Ukaristia kuzungulira mudzi, ndipo mtanda waukulu wotsogolera, umene amanyamula a Gervazio, ulibe wonyamula. Mtanda umenewo unayenera kukhala wanga. Chaka chatha a Gervazio anaimirira pamsonkhano wa mpingo nati, "Apulofesa ndi bango. Mphepo ya kuphiri ikawomba, tikatola mtanda ndi munthu yemwe kudimba." Anthu anaseka. Ine sindinaseke, ndipo kufikira lero sindinayambe.

A Padiri avomera kuti Loweruka m'mawa ndikayesere.

Lachiwiri

Mwana wa mlongo wanga, wonyamula zitsulo zolimbitsa thupi ku Tete, anasiya muno chigubu cha ufa wotchedwa weyi. Akuti umachokera ku madzi a mkaka, ndipo umamanga minofu. Dongosolo langa:

m'mawa, ufa m'madzi;
masana, kunyamula mtanda woyeserera, ndiwo mtengo wa bulugama womangirira mpini wa khasu;
madzulo, kuyenda mwaulemu kuzungulira khola la nkhumba, wopanda nsapato, kuti nsapato za Lamulungu zisathe.

Kakomedwe kake: choko chothira shuga. Choko ndimachidziwa bwino.

Akazi anga, aNangozo: "Thole lathu layamba kuyamwa litamera imvi."

Lachitatu

Kumsika wa ku Domwe, amayi ogulitsa kachewere akundinong'oneza kuti a Gervazio nawonso amamwa ufa womwewu. Mwana wawo amawatumizira kuchokera ku Joni! "Ndiwo wawatupitsa chala, apulofesa, samalani."

Choncho ngakhale ufa wanditsogolera munthu ameneyu.

Funso likundivuta: kodi weyi amabweretsa gota? Mbali ina, a Gervazio amamwa ufa ndipo atupa. Mbali inanso, a Gervazio saphonya chiwindi, nthumbwana ndi mowa, ndipo pamaliro amakhala pafupi ndi mphika ngati ndiwo namfedwa. Mlandu ndauimitsa. Supuni ndikuichepetsa pang'ono, osati chifukwa cha mantha.

Lachinayi

Ndayeza mkono ndi chingwe. Sunasinthe. Yasintha ndi mimba, imene ikuimba Chilatini tsiku lonse. ANangozo akuti ndizikapempherera panja.

Mtanda woyeserera wagwera pa denga la khola. Nkhumba zili bwino.

Chala chikuyabwa. Chachikulu. Cha kumanzere, monga a Gervazio. Sindikuganiza kanthu.

Lachisanu

Chatupa! Chafiira, chikugunda ngati chili ndi mtima wakewake. Mtanda wanga!

Koma tamverani. Aneba, atachiyang'anitsitsa, akuti, "Gota sigwira wamba, apulofesa. Ndi nthenda ya mabwana, anthu odya bwino." N'chifukwa chake a Gervazio akhalira pakhonde phazi lili pampando, kulandira alendo ngati adiministradori, bwanamkubwa wa boma lathu.

Ndavala jekete. Ndikutsimphina mwaulemu kupita kusitolo ndi kubwerera, ngakhale ndilibe chogula. Aliyense wondifunsa ndikumuyankha modzichepetsa: "Ndi kagota chabe." Pa zaka zonse za ntchito boma silinandikweze. Chala chandikweza.

Ufa ndamwa supuni yodzaza.

Loweruka

ANangozo andikokera kuchipatala, akuti tikabwerako ndipite koyesera. Pamzere, kumbuyo kwanga kwenikweni, a Gervazio ndi ndodo yawo. Tapatsana moni ngati mabwana awiri.

Ndafotokozera anamwino mbiri yonse mwadongosolo. Iwo akuti, "Ufa wa mkaka pawokha si umene timauopa kwambiri pa gota, bambo. Timayamba taopa mowa ndi zam'kati za nyama. Koma pa msinkhu wanuwu muzifunsa musanamwe zam'zigubu." Kenaka aweramira chala, natenga singano.

"Mumayenda wopanda nsapato kukhola?"

Thekenya. Lalikulu, lokhwima, la mazira ake. Chitseko chinali chotsegula, ndipo anamwino athu ali ndi mawu a kwaya.

Chala achikulunga nsalu ngati mwana wakhanda. Nsapato sikulowa. Koyesera sindinapite. A Padiri atumiza mawu achifundo, ndipo mtanda apatsa akatekisita.

Lamulungu

Ufa wotsala aNangozo athira m'madeya a nkhumba. Akuti ndizo zinandipatsa nthenda, zilandire malipiro.

Odwala atikhazika pabenchi pakhomo pa tchalitchi. Kampando koikapo phazi ndi kamodzi kokha, choncho mapazi athu ali pamodzi: la gota ndi la thekenya. Anthu odutsa akupepesa a Gervazio ndi manja awiri. Ine akungondifunsa za nkhumba.

A Gervazio: "Apulofesa, thekenya pa Chipwitikizi ndi chiyani?" Ndikulidziwa liwulo. Sindiwauza.

Belu likulira, nyimbo yayamba, mtanda ukutuluka. Ndi wokongolabe. Pangodya mphepo ya kuphiri yawomba, ndipo akatekisita akudzandira nawo kulowera kudimba, amayi a kwaya akuwathamangira. A Gervazio andigunda ndi chigongono: "Bango lina ilo."

Ndikulemba pano kuti choonadi chisungike: chimene chinatuluka m'kamwa mwanga chinali chifuwa, osati kuseka.