Jekete Yoyera ndi Kampango wa Apongozi

LOLEMBA

Uthenga wabwera ndi dalaivala wa lole ija yonyamula mchere ndi palafini kuchokera ku siteshoni. Kapitawo wa hotela ya azungu ku Lilongwe akuti ndikafike Loweruka m'mawa ndi jekete imodzi yoyera yachitsanzo. Bwana wake akaikonda, majekete onse a anthu operekera zakudya ndisoka ndine. Alhamdulillah!

Ntchito imeneyi ndikuifuna ndi mtima wonse. Chaka chino makina anga angokhala pakhonde kumamwa mafuta, zobwera ndi zigamba zokhazokha. Ndipo abale a mkazi wanga anagamula kale: mvula ikagwa makinawa asanayambe kudyetsa nyumba, ndiwafundike nsalu ndikalowe m'gulu lokoka khoka la mlamu wanga Saidi. Ine telala, kukakoka khoka! Pamaso ndimati Che Saidi. Muno m'kabuku kanga ndi Saidi basi.

Ndinyamuka Lachisanu tikatuluka ku mapemphero a Juma, ndibwerako Lamulungu. Ndapangana ndi mtima wanga: sutikesi imodzi. Tsiku lina ku siteshoni ndinaona kalaliki wa boma akutsika sitima, kachikwama kamodzi, dzanja lina m'thumba, anthu n'kumamupatukira. Ndi mmene ndikalowere pa hotela paja.

Zolowa m'sutikesi:
jekete yachitsanzo
malaya ndi buluku zosinthira
mkeka woswalira, waung'ono uja
mswachi ndi kasopo
tepi ndi sizasi

Basi. Malo otsala atsale choncho, jekete isakwinyike.

Amake Asiyatu, mkazi wanga, akufunsa ngati ndatsanzika kwa amayi awo. Ndati ulendo wogona kawiri sutsanzikidwa. Akuti mkamwini akachoka pamudzi osatsanzika, anthu amati wathawa banja. Chabwino, mawa.

LACHIWIRI

Ndapita kukatsanzika. Ine ndanjuta kuseri kwa mpanda wa bango, apongozi ali mkati atatembenukira kwina, mwana wawo pakati kunyamula mawu. Zaka zonsezi sitinapenyanepo m'maso, koma mawu awo amandipeza ndithu.

"Ku Lilongwe? Kuli Yusufu wanga kumeneko."

Yusufu ndi chitsiriza chawo, amaphika kwa Mgiriki wina. Akuti andipatsira kanthu kakang'ono ka mwanayo. Pakamwa panga payankha pokha kuti palibe vuto. Pakamwa popusa!

Kanthu kakang'ono kafika masana, akunyamula amayi awiri. Thumba la mpunga londifika m'chiuno.

Ndakwiya mpaka ndathyola singano. Kodi ku Lilongwe kulibe msika? Yusufu amaphika m'nyumba ya Mgiriki, njala ingamuphe ali pambali pa mphika? Zonsezi ndazinena kwa makina, poti kwa apongozi sizinenedwa.

Tsono zili chonchi: sutikesi imodzi ndi thumba limodzi. Mwina kalaliki uja nayenso anali ndi thumba, kungoti sindinalione.

Jekete ikupita bwino. Kolala yaima njo. Zibowo za mabatani ndikupota pamanja, chimodzichimodzi. M'Salima muno palibe wina angazipote chonchi, ndipo si kudzitama ayi.

LACHITATU

Nkhani yadutsa pachitsime, yafika pa dooko. Lero ndadziwa kuti nyumba iliyonse pamudzi pano ili ndi mbale wake ku Lilongwe. Chaka chonse palibe amamutchula. Ndikuti ndinyamuke ine, onse akumbukira.

Amabwera mwaulemu. Odi, moni, za kudzuka, za ana, za mwera wa dzana, kenako kamtolo kotuluka kumbuyo. Zafika pakhonde:
dengu la usipa, la mwana wa azakhali awo a mkazi wanga, "amagwira ntchito yokumba misewu, mukangofunsa"
mikeka itatu yokulunga pamodzi
chipanda cha bwemba
mpini wa khasu, ngati ku Lilongwe kulibe mitengo
bakha wamoyo

Bakha! Mwini wake akuti ndikamupereke pa nyumba yoyandikana ndi mtengo wa kachere. Lilongwe yonse kachere ndi mmodzi?

Wina wachokera ku Chipoka ndi kamtolo ka mankhwala a chifuwa. Ku Chipoka! Wawauza ndani kumeneko?

Ndayesa kunena kuti ulendo wanga ndi wa ntchito, sindikufuna kulemedwa. Mayi wa dengu la usipa wandidula: "Nanga akunyamula ndinu? Ikunyamula ndi lole."

Mmodzi yekha ndamukana, mdala Che Bwanali ndi mtondo wake wopatsira mwana wake wamkazi. Ndati ayi, mtondo ayi. Wanyamuka ndi mtondo wake. Madzulo amake Asiyatu abwera kuchitsime misozi ili chuchuchu, akuti mudzi wonse ukunena kuti anakwatiwa ndi mzungu wakuda, wodya mpunga wa pano koma wosanyamula za anthu a pano. Ndapita ndekha kwa Che Bwanali kukapepesa. Mtondo ndabwera nawo paphewa, ana akunditsatira.

Tizing'onoting'ono tonse amake Asiyatu akutilonga m'sutikesi, poti akuti muli malo. Malo aja anali a jekete! Malaya ndi buluku zosinthira zatuluka.

LACHINAYI

Jekete yatha. Ndaichapa, ndaisita ndi simbi kawiri, ndaipachika m'nyumba. Yoyera mbee. Ndimangolowa kukaiona.

Saidi wabwera kuchokera ku chilumba cha Mbenji, bwato lodzaza ndi kampango wowamba, wonona wochita kudontha. Mudzi wonse uli ku dooko ngati kwabwera mfumu ya kwina. Iye akuyenda chifuwa patsogolo. Wafika kwathu, walowa m'nyumba n'kufuna kugwira jekete ndi manja ake amenewo. Ndamutchinga ndi thupi langa. Waseka, akuti, "Alamu, zikakanika kumeneko musadandaule. Chingwe chanu cha khoka chilipo, ndakusungirani."

Ndamwetulira.

Kenako zenizeni. Apongozi asankha kampango wamkulu kuposa onse, wa Yusufu. Akuti ameneyu asakwere kumbuyo kwa lole, anthu angamupondereze n'kumuphwanya mutu. Akhale m'sutikesi, pamiyendo pa mkamwini wawo.

Ndawakokera amake Asiyatu m'nyumba. Ndanong'ona, poti mayi awo aima kuseri kwa mpanda kudikira yankho. Ndati muli jekete yoyera. Akuti amukulunga m'masamba a nthochi. Ndati mwezi uno ndi wa dzuwa, mafuta asungunuka. Akuti masambawo aika awiriawiri. Ndati banja lathu likudalira jekete imeneyi. Akuti tsono tulukani mukawauze nokha amayi kuti nsomba yawo ndi yonyansa.

Ndatuluka. Ndanjuta. Pakamwa paja panenanso kuti palibe vuto.

Kuti kampango akwane, zatuluka: mkeka woswalira, sopo, sizasi. Mchira wake wapindidwa. Jekete ndaikulunga m'nsalu ya kaliko, ndaiika pamwamba, ndatseka, ndakhoma loko. Sinditsegulanso mpaka pamaso pa bwana.

Zanga zenizeni pa ulendowu tsopano ndi jekete, mswachi m'thumba la malaya, ndi tepi m'khosi. Ndinkafuna kuyenda wopepuka. Ndapepukadi, Astagafirulahi!

LACHISANU

Ku mzikiti Shehe apempha duwa, pemphero la apaulendo, anditchula dzina, atchula ndi kumene ndikupita. Amene sanamve amva. Potuluka ndapeza nsapato zanga zitazingidwa ndi timitolo tina. Sindinafunse n'komwe kuti n'zandani.

Dalaivala wayang'ana mulu wa katundu, wandiyang'ana ine. Akuti mpando wa kutsogolo anausungira munthu wa sutikesi imodzi, monga ndinamuuzira Lolemba. Mwini msika akakhale pamwamba ndi msika wake.

Ndili pamwamba pa matumba a mchere. Mtondo kumsana. Bakha pakati pa mapazi. Sutikesi pamiyendo, monga alamulira apongozi, ndipo iwo aima patali kuonetsetsa. Saidi akubayibitsa ndi manja onse awiri.

Dzuwa la lero si dzuwa wamba. Fumbi m'maso, m'mano, m'makutu. Pa mapiri a ku Mvera lole yawira, taima. Yawiranso, taimanso. Sutikesi ikutentha ngati mphika wochoka pamoto, ndipo ntchentche zaidziwa. Ndadziuza kuti masamba ndi awiriawiri.

Bakha wandiipitsira buluku. Losinthira ndilibe. Anatenga malo ake ndi mankhwala a chifuwa a munthu wa ku Chipoka amene sindikumudziwa ndi dzina lomwe.

Tafika Lilongwe dzuwa litalowa. Ndafunsa kwa Mgiriki, akuti Mgiriki wake uti? Ndafunsa kachere, andiseka. Ndigona pomwe pano pabwalo la malole, kulondera chuma cha eni ake. Amphaka akuzungulira. Sutikesi ndatsamira kumutu.

LOWERUKA

Buluku ndapukuta ndi madzi a pampope. Katundu ndasiyira mlonda wa pabwalo, ndamupatsa usipa wodzaza manja wa mwana wa azakhali uja. Mulungu andikhululukire, koma nayenso alipireko ulendowu.

Ndiye ndayenda kupita ku hotela. Sutikesi imodzi, dzanja lina m'thumba. Kuchokera pa mlatho mpaka pa khomo la kuseri ndinali kalaliki uja ndithu. Mayi wina wandipatukira.

Kapitawo wandilowetsa kufupi ndi khitchini. Bwana wabwera, mzungu wofiira wa ndevu zapamlomo. Ndaika sutikesi patebulo, Bismillah, ndatsegula loko.

Fungo latuluka lisanatuluke china chilichonse.

Kaliko wanyowa. Jekete kumsana konse chikasu, mafuta kuyambira pa kolala mpaka m'munsi. Kutsogolo kokha kwapulumuka. Ndaigwira mofulumira kuti aone kutsogoloko, ndikuloza zibowo za mabatani, ndikuti bwana taonani mapotedwe, ndi pamanja apa.

Bwana waitenga ndi zala ziwiri, waiika pambali ngati chiguduli. Maso ake ali m'sutikesi. Wafunyulula masamba, wanyamula kampango, wamununkhiza, wamudina ndi chala. Waitana wophika wake. Ayankhulana chizungu, onse nkhope zowala.

Kapitawo akumasulira: bwana akufuna agule nsombayi. Ndati si yanga, ndi ya apongozi, yopatsira mwana wawo. Kapitawo wangogwedeza mutu, wamva msanga, nayenso ndi mkamwini kwinakwake. Bwana sakumva. Amufotokozera kawiri, akungoti munthu angakane bwanji kugulitsa nsomba yomwe wabwera nayo yekha.

Ndafunsa za majekete. Kapitawo wayang'ana pansi. "Akuti awapereka kwa telala wa m'tauni muno. Akuti nsalu yoyera singamachokere kunyanja."

Kenako bwana wafunsa amene amagwira ndi kuwamba nsomba yotereyi. Akufuna madengu sabata iliyonse, ofika Loweruka m'mawa.

Ndayang'ana jekete yanga ili pamphepete pa tebulo, mkono umodzi ukulendewera. Ndatchula dzina la Saidi ndi pakamwa panga. Ndawonjezera ndi Che yemwe.

Masana onse ndazungulira Lilongwe ndi mtondo paphewa. Yusufu ndamupeza kwa Mgiriki wachitatu, wonenepa masaya ngati mwana wa mfumu. Wayang'ana kampango n'kunena kuti mchira wapindika. Sindinamumenye. Izi zilembedwe, kuti sindinamumenye.

Ndipo aliyense wolandira ali ndi kake kobweza kumudzi. Mbatata ya kachewere, nyemba, gudumu la njinga, malata awiri akale. Wolandira bakha sanapezeke, bakha akubwerera.

LAMULUNGU

Pobwerera ndakhalanso pamwamba. Katundu wachuluka kuposa popita. Njira yonse ndimaganiza zoubisa uthenga wa bwana, ndingoti ntchito sinapezeke, basi. Kuganiza kwachabe. Kapitawo anauza kale dalaivala, ndipo dalaivala wafuulira anthu a pa dooko ine ndisanatsike.

Nthungululu. Apongozi atumiza mawu kudutsa mpanda kuti mkamwini wawo ndi munthu wa madalitso, wayenda ulendo umodzi n'kubweretsa ntchito pamudzi. Che Bwanali akufunsa ngati mtondo unafika wosang'aluka. Za jekete palibe wafunsa. Amake Asiyatu okha ndi amene aitenga mwakachetechete kukaiviika m'madzi a phulusa. Ndawauza kuti asavutike, mafuta a kampango sachoka. Aviikabe.

Mkwiyo wandithera. Ndaufuna, sindikuupeza, kwatsala kutopa kokha.

Saidi wabwera madzulo, wakhala pa mpando wanga wosokera osapempha. Akuti khoka sindikoka ayi, manja angawa sangathe. Poti njira ndikuidziwa ndipo bwana akuidziwa nkhope yanga, madengu ndizipita nawo ndine, Lachisanu lililonse tikatuluka ku Juma.

Makina ndawapukuta, ndawathira mafuta, ndawafundika nsalu. Mvula sinagwe n'komwe.

Potsanzika Saidi watembenuka pa khomo. "Koma alamu, Lachisanuli musatenge zanu zambiri. Malo ndi ochepa."