Mmene Ndinawanamizira Agogo aLabisoni

Pali azakhali awiri amene mpaka lero sandiyankha moni bwinobwino, ndipo sindiwadandaula. Ndinaipitsa dzina la munthu amene anagona kumanda kalekale, wosandilakwira kanthu. Zonsezi chifukwa cha phuma.

Ine kukhazikika kumandivuta. Kuntchito kwathu ku Chileka, kumene timalandira katundu wa pandege, anzanga amati ndimadya chiimire mpando uli pomwepo. Ndiye chinkhoswe changa chitayandikira, akuchikazi anangofunsa kafunso kamodzi: kodi mnyamatayu makolo ake ndi ati? Munthu wanzeru akanakwera minibasi kupita ku Lirangwe kwa amalume, omwe anandilera bambo atatithawa ine ndikukwawa. Ndiwonso anali nkhoswe yanga. Koma amalume nkhani amaiyambira kutali, ukawafunsa za agogo amayamba ndi mitengo ya feteleza. Ine nthawi imeneyo ndinalibe.

Ndinaika mu foni pulogalamu yolumikiza maina a makolo. Umalemba dzina m'kabokosi, iyo n'kujambula mizere: bambo apa, mayi apa, ana pansi. Ndinalemba mpaka pa agogo awo a mayi anga, aElube, mng'ono wawo aDorika ndi mlongo wawo aLabisoni. Pamenepo nzeru zinandithera. Mnzanga wina anandiuza kuti ku Zomba, kumalo osungira zolemba zakale, mabuku a ubatizo a mishoni yathu anawajambula pa maikolofilimu. (Kwa amene simunaione: ndi kafilimu kokulunga ngati bandeji, umakaika m'makina n'kumapukusa chogwirira, masamba akale n'kumadutsa pagalasi.) Ndinapempha tchuthi ponamizira dzino.

Mayi woyang'anira makinawo anati ndizipukusa pang'onopang'ono, ndiziwerenga tsamba lonse. Ndinavomera ndi mutu, atangotembenuka ndinapukusa mpaka chizungulire. Kenako ndinaliona dzina: Labisoni. Mwana wobatizidwa, mayi wake Elube, pamalo a bambo palembedwa Labisoni. Tsamba lina, mayi Dorika, bambo Labisoni yemweyo. Ndinajambula msangamsanga, ndinatuluka osatsanzika, mainawo n'kumawalowetsa ndili m'minibasi, chigongono cha munthu chili m'nthiti.

Pulogalamu ija inajambula mizere yake, kenako inayatsa kachizindikiro kofiira. Agogo aLabisoni, amene kwathu timawatchula mwaulemu ngati mkulu wa mpingo, anali atabereka ana mwa alongo awo awiri.

Ndinachita mantha, komanso (ndinene zoona) kamtima kena kanasangalala kuti ndatulukira chinsinsi chimene akuluakulu onse anabisa. Apa m'pamene ndikanatseka pakamwa. M'malo mwake ndinatumiza chithunzicho kwa msuweni wanga Madalitso wa ku Joni, ndi mawu akuti, "Aise, taona izi, koma usauze munthu."

Minibasi isanafike pa Limbe, chithunzicho chinali pagulu la pafoni la banja lonse. Azakhali awiri aja anatulukamo. Wina anaitanitsa mapemphero osala kudya. Wina analemba kuti n'chifukwa chake ana a mtundu wathu masamu amawavuta. Kenako chibwenzi changa chinaimba. "Nkhaniyi kuno yafika," anatero ndi mawu ozizira. "Amayi akufunsa ngati chinkhoswe chikadalipo. Ndiwayankhe kuti chiyani?"

Pomwepo amalume nawonso anaimba. "Mawa ubwere. Ubwere nayo foniyo."

M'mawa mwake ndinatsika pa Lirangwe, ndinakwera kabaza, njira yonse ndikumuuza wopalasayo kuti afulumire pomwe mtima ukufuna tayala liphulike. Ndinawapeza amalume pakhonde akusoka matumba a chimanga. Sanandipatse mpando.

"Wati aLabisoni anatani?"

"Si ine, amalume. Ndi mabuku a mishoni."

"Amuna awo a aElube ndi aDorika anali kuti zaka zimenezo?"

Ndinakanda m'mutu.

"Kumigodi. Winayo sanabwerenso. Ndiye m'busa akafunsa kuti mwini mwanayu ndani, ankaimirira ndani? Si mwinimbumba, mlongo wa mayi?" Anakoka ulusi n'kuudula ndi mano. "Iweyo pokubatiza anaimirira ndani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ine. Bambo ako anali atapita kale. Ndiye uwauzenso a ku Joniwo kuti ndinakwatira mayi ako."

Ndinkafuna nthaka ing'ambike. Ndinayamba kupepesa mothamanga, mawu akupondana, ndikulonjeza kuti ndikonza pompano, ndilemba pagulu, ndifufuta zonse. Iwo anangotambasula dzanja kuti ndiwapatse foni. Anaiika patali ndi maso, n'kuloza kabokosi kamene kanali pamwamba penipeni pa dzina langa, ka chithunzi cha munthu wovala chipewa.

"Awa ndani?"

"Bambo."

"Oho. Nanga ine ndili pati?"

Ndinayamba kukoka ndi chala. Ndinakoka chakumanja, ndinakokanso, ndinadutsa azakhali ndi ana awo. Ndinawapeza kumphepete kwenikweni, kabokosi kopanda chithunzi, dzina ndinalilemba molakwitsanso. Munthu amene anandiphunzitsa sukulu, amene anandibereka kumbuyo kupita nane kuchipatala nditalumidwa ndi galu. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Chinkhoswecho akakuimire a chipewawa," anatero, n'kubwerera ku matumba awo.

Masabata otsatirawo sindinaone mtendere. Ndinapepesa pagulu, ndinapita kwa akuchikazi kukalongosola za aLabisoni, iwo anaseka mpaka misozi n'kunena kuti tsiku lisasinthe. Koma chinkhoswe chopanda nkhoswe n'chiyani? Loweruka lililonse ndinali ku Lirangwe. Ndinasoka matumba, ndinakonza chitseko chosathyoka. Amalume ankandiyankha za nyengo basi. Mayi anga anati ndiwasiye, zawapweteka. Ndinayesanso kukweza kabokosi kawo kuti kakhale pamwamba panga, pulogalamu inakana, ati pamenepo ndi pa mwamuna wa mayi. Ndinaifufuta.

Tsiku la chinkhoswe anthu anakhala pansi, kwaya inayamba kubwereza nyimbo, mpando wa nkhoswe yakuchimuna uli wopanda munthu. Ine ndinali kumsewu, jekete itanyowa ndi thukuta, ndikusuzumira kabaza aliyense. Amalume anatulukira pomaliza, wapansi, mosafulumira, n'kundidutsa ngati sakundiona.

Nkhoswe yakuchikazi itaimirira inafunsa mwamwambo, "Kodi mnyamatayu mwini wake alipo?"

Amalume anakonza tayi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Alipo," anatero. "Ndi wanga. Ndi wopupuluma, wabodza pang'ono, koma ndi wanga."

Mawu apakatiwo akanatha kuwasiya, pamaso pa apongozi. Koma ndinangoweramitsa mutu, misozi ikugwera pa nsapato zatsopano.