Fodya wa m'mphuno wa apongozi

Mpaka lero amayi ena a ku Mpopoma, komboni yomwe timakhala kuno kuchilendo, akandiona amawomba m'manja mwaulemu, ine n'kumangoyang'ana pansi.

Zinachitika dziko litangolandira ufulu. Apongozi anga aamuna, mkulu wa mpingo, anayamba kunjenjemera dzanja moti tiyi ankatayikira pa thalauza. Bambo a mwana ali kuntchito, ndinawaperekeza ndine kuchipatala, khanda kumsana.

Adokotala anafunsa ngati amasuta. Apongozi anakana mokwiya. Nesi anatimasulira kuti chodabwitsa n'chakuti matenda onjenjemerawa sagwira kawirikawiri anthu osuta, ndipo mwina nikotini wa mu fodya amateteza mitsempha ya mu ubongo, koma akufufuzabe. "Musayambe kusutatu, utsi umawononga mapapo," anatero.

Ndinkafuna kufunsa, koma manyazi. Ndinangoganiza ndekha kuti ngati vuto ndi utsi, fodya wa m'mphuno alibe utsi (sukulu ndinalekera panjira, koma tsikulo ndinadziona ngati dokotala).

Ndinagula kachitini ka fodyayo kumsika. Nanga mkamwana angapereke bwanji fodya kwa apongozi amene sawayang'ana n'kumaso komwe? Ndinati ndiyambe ndamuyesa ndekha kuseri kwa nyumba. Muyeso sindinkaudziwa, ndiye ndinatapa wambiri.

Ndinayetsemula mpaka duku linagwa. Mutu unazungulira, ndinakhala pansi, misozi chuchuchu, thupi lonse likunjenjemera. MaNdlovu, mnansi wathu, anasuzumira pampanda. Kwawo fodya ameneyu ndi wa mizimu. Anavula nsapato, nagwada, nayamba kuwomba m'manja.

"Thokoza, gogo! Bwerani, mizimu yamugwira makoti!" anafuula. Kwawo mawu oyambawo ndi moni wa mizimu, ndipo makoti ndi mkamwana.

Amayi anayi anabwera. Wina anandifunsa za mwamuna wake amene anasowa ku Joni. Poti ndiyankhe, ndinayetsemulanso, iye n'kuvomera ndi mutu.

Ndiye apongozi anatulukira, ali ndi abusa.

"Mayi, panyumba panga pano?"

Ndinaona kuti ukwati watha. Kwa nthawi yoyamba ndinawayankhula mawu opitirira moni, ndikuyang'ana nsapato zawo. Ndinafotokoza zonse, za nesi ndi za mitsempha.

Apongozi anati, "Ndiye mwagwa pansi chonchi chifukwa cha dzanja langali?"

"Inde, bambo."

"Nanga lanu likunjenjemeralo tilitengera kwa yani?"

Abusa anatembenukira kumpanda, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Fodyayo apongozi anamutaya, kachitiniko anakatsuka n'kumasungiramo mapiritsi awo. Dzanja silinasiye kunjenjemera. Masiku ano tiyi ndimawathirira theka la kapu, kawiri, ndipo nesi akayankhula ndimafunsa. Koma mkazi wa mwamuna wa ku Joni uja amabwerabe kudzandifunsa.