Tchuthi Chimene Ndinachionera Pafoni

Mukadzamva anthu pamsika wa Nkhotakota akunditchula kuti "bwana wa ulendo", musaganize kuti ndi ulemu. Dzinali ndinachita kugula, ndipo ndi chinthu chokhacho m'moyo wanga chimene ndinagula osanenerera.

Ine ndimagulitsa mpunga ndi usipa, ndipo pa nkhani yonenerera mtengo sindidzichepetsa. Njira yanga ndi imodzi. Wogulitsa akalimba, ndimapukusa mutu, n'kutembenuka, n'kumapita. Lamulo lake n'lakuti usacheuke. Ukangocheuka, wadziwika kuti chinthucho ukuchifuna. Sindifika patali ndisanamve, "Bwerani akulu, tikambirane."

Kwa zaka zingapo ndinkalonjeza akazi anga ndi ana athu awiri, Hawa ndi Yusufu, kuti tchuthi cha Disembala tidzazungulira Malawi yense. Disembala ankafika, ine n'kupeza kuti mitengo sinakhale bwino. Chaka chathachi mayi a Hawa anandiuza akupeta mpunga, osakweza n'komwe mawu:

"Bambo a Hawa, anawa nyanja aiona mokwanira. Chaka chino tipita, kaya ndi inu, kaya popanda inu."

Ndinaseka (munthu zikamuyandikira amaseka chomwecho).

Koma pulani ndinaikonza, musandinyoze. Ku Mzuzu kuti ana akadziwe kuti juzi ili ndi ntchito, ku Lilongwe akakwere masitepe oyenda okha aja, kenako phiri la Zomba, minda ya tiyi ku Mulanje, n'kubwerera cha ku Salima. Malo ogona onse ndinawaimbira foni. Mayi wina wa nyumba ya alendo ku Zomba ndinamunenerera mpaka anati, "Bambo, ingobwerani, ndatopa." Ndalama za ulendo anasunga mayi a Hawa, ati m'thumba mwanga zimalowa bwino koma potuluka zimachita manyazi.

Tsiku litakwana tinapeza minibasi ya ku Mzuzu itatsala pang'ono kudzaza. Kondakitala anakweza zikwama, akazi anga ndi ana n'kukakhala kumbuyo. Ine ndinatsala pansi, thumba la usipa wa alamu anga a ku Mzuzu lili paphewa, kuti tikambirane ngati amuna.

"Tilipo anayi, koma Yusufuyo ndi theka la munthu," ndinatero.

"Mpando ulibe theka, madala. Uno ndi Disembala."

"Msewu umatalika mu Disembala?"

"Mukwera kapena simukwera?"

"Pa mtengo umenewo sindikwera."

Mayi a Hawa anatulutsa mutu pawindo. "Bambo a Hawa, kwerani." Ndinawatsinzinira diso kuti aone mmene akatswiri amachitira, n'kutembenuka.

Ndinadutsa pa ogulitsa nthochi, osaitanidwa. Ndinadutsa pa okonza njinga. Injini italira ndinati akufuna kundiopseza, machenjerero akale amenewo. Chitseko chitamveka kuti guu, ndinati mnyamatayu ndi katswiri mnzanga, tiona adzayamba kufooka ndani. Sindinacheuke (lamulo ndi lamulo). Amene anandicheutsa ndi mayi wogulitsa mandasi.

"Si ana anu akubayibitsa pawindo aja?"

Ndinathamangira wa njinga yamoto kuti tikaipeze ku Dwangwa, poti kumeneko imaima. Anatchula mtengo. Munthu wanzeru akanangokwera. Ine pakamwa panayamba pokha: "Ku Dwangwa ndi pompanopompano apa, achimwene." Ndinamuchokeranso ameneyu, ndipo iye anandiitanadi, koma atayamba wamaliza chimanga chimene ankadya.

Ku Dwangwa tinapeza fumbi ndi fungo la nzimbe. Minibasi inali itadutsa kale. Apa m'pomwe ndinakumbukira kumene kunali ndalama. Wanjinga uja anayang'ana thumba la usipa, n'kuyamba kundinenerera ineyo, ati usipawo ndi wa chaka chatha. Anatenga theka.

Ndinaimba foni. Anali cha ku Dwambazi.

"Mayi a Hawa, mwandisiya bwanji?"

"Ife sitinakusiyeni. Mwanena nokha pamaso pa anthu kuti simukwera. Ine ndingatsutse amuna anga pagulu?"

"Nanga ndikupezani bwanji? Ndalama zili ndi inu."

"Nenererani, mufika."

Ndinabwerera kunyumba pamwamba pa lole, nditalipira ndi theka lotsala lija. Malawi yense ndinamuzungulira pa zithunzi zimene ankanditumizira pafoni, nditakhala pakhonde, thukuta lili kamukamu. Yusufu atavala juzi ku Mzuzu. Hawa akukuwa pa masitepe aja. Mayi awo ataima m'munda wa tiyi, akumwetulira kumwetulira kumene sindinakuonepo chikwatirane. Pulani yanga inayenda bwino kwambiri, kungoti mwini wake sanalimo.

Atabwera ndinafunsa funso limodzi lokha. "Mayi wa ku Zomba uja anakupatsani mtengo wanga?"

"Tinamumvera chisoni. Tinamupatsa mtengo wake woyamba, n'kuwonjezera kangachepe."

Zimenezi zinandiwawa kuposa kusiyidwa pasiteji.

Ndaganiza mofatsa pamene ndinalakwitsa, ndipo ndapapeza. Ndinayenda mofulumira kwambiri, kondakitala sanapeze mpata wondiitana. Disembala akubwerayu ndiyenda pang'onopang'ono. Mayi a Hawa akuti palibe vuto, mpando wanga aulonjeza kale mng'ono wawo.