Makalata Opanda Mwini a Komiti ya Mjigo

Inu, tamverani, ndipo musaseke ndisanamalize. Ine ndakhala mlembi wa komiti ya mjigo wathu kuno ku Budiriro zaka khumi ndi chimodzi, mpando umene ambiri ankaumezera mate. Pofuna kuthetsa khalidwe lodumpha mzere, ndinalengeza kuti aliyense angathe kuneneza wolakwa pa imelo ya komiti osadzitchula dzina. Ku mishoni tinkatero, ndipo tinakula owongoka.

Mwezi unatha, kalata osabwera. Ndinapita kwa mayi Dolly, a kashopu ka makompyuta, ndipo anandiuza kuti mu imelo muli sefa imene imataya kuzinyalala kalata iliyonse yopanda dzina la wotumiza. Ndinawalamula kuti aiuze sefayo izilowetsa zonse zotero.

"Bambo, zambiri mwa zimenezo salemba ndi anthu," anatero.

"Mayi, ndinayamba kulemba makalata inu musanabadwe."

Anakonza, nasindikiza zimene zinalowa. Ine ndinaikanso lamulo lakuti makalata aziwerengedwa pamsonkhano motsatana, mpaka mawu otsiriza, popanda woyamba wawasuzumira.

Loweruka bwalo linadzaza. Kalata yoyamba inati ndapata galimoto kudziko limene sindinapondeko. Yachiwiri inali yotsatsa mankhwala a mphamvu za abambo. Ndinaiwerenga yonse, amayi atabisa nkhope m'zitenje. Yachitatu inayamba ndi Chingerezi cha makina, chonena kuti uthenga walephera kufika. M'munsi mwake munali Chichewa chokoma zedi, ndipo ndili pa mzere wachiwiri ndinachizindikira. Inali kalata yanga yopita kwa mlamu wanga ku Msasa, imene ndinaitumiza pa imelo ya komiti yomweyo. Kani adiresi yake ya kuntchito anaitseka iye atapuma pantchito, makina n'kuibweza kalatayo popanda dzina.

Ndinatsokomola. Wapampando, bambo Lawson, anati, "Mpaka mawu otsiriza, a mlembi."

Wokumba dzenje salisankhira mwendo. Ndinawerenga kuti wapampando ndi mbuzi yovala tayi, kuti akazi awo amatunga zigubu khumi osaima pamzere, ndi kuti popanda ine komiti yonseyo singathe kuwerenga ngakhale zidebe zitatu. Dzina langa, limene ndinalilemba kumapeto kwa kalatayo, ndinaliwerenganso, momveka bwino.

Anavota pomwepo kuti ndichoke. Popeza mlembi watsopano anali asanasankhidwe, manja ndinawerenga ndine, n'kulemba m'buku mwaukhondo. Mayi Eneles, akazi a wapampando, anakweza manja awiri. Limodzi ndinalikana.