Ndinawerenga Buku la Chijapani Chobwerera M'mbuyo

Mpaka lero a Tembo akandiona ku tchalitchi amayamba kutsokomola pofuna kubisa kuseka. Mlandu ndi wanga.

A Tembo ndi m'bale wa ku Zambia, amakhala ku Manassas, kuno ku America. Lamlungu lililonse tikaweruka ankapatsa akazi anga kabuku ka zithunzi ka ku Japan, aja amati manga, kenako n'kuima nawo pakhomo kumaseka. Akazi angawo ankawerenga kabukuko m'sitima kuchokera kwathu ku Germantown, ndipo tsiku lina anapitirira siteshoni yawo. (Ine pa zaka zonse za ukwati wathu sindinawaiwalitsepo ngakhale ketulo pamoto.)

Chinkandiwawa n'chakuti katswiri wa mabuku a zithunzi m'nyumba muno ndinali ine. Ndinakulira ku Ndirande ndikuwerenga a ku America, aja a zimphona zouluka zovala kabudula pamwamba pa thalauzi. Nditawakumbutsa akazi angawo, anangoti, "Anuwo ndi nkhonya zokhazokha, bambo a Tadala. Iyi ndi nkhani ya mtsikana wokonza maambulera ndi woyendetsa sitima. Ndili pa buku lachisanu ndi chinayi, sanagwiranebe dzanja."

Ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndiwapitirire a Tembo. Ndinapita ku sitolo ina ku Columbia Heights n'kugula buku lomaliza la nkhaniyo. Nditaona kuti m'kati mulibe mitundu, ndinafunsa wogulitsa ngati inki inawathera. Anandiyankha mwaulemu kuti amakhala akuda ndi oyera choncho.

Ndinalitsegula monga mmene ndimatsegulira Baibulo. Tsamba loyamba linali ndi chenjezo la zilembo zikuluzikulu, koma ndinalidumpha poganiza kuti ndi malonda. Nkhani inayamba ndi maliro a woyendetsa sitima uja. Kenako ndinamuona ali m'chipatala, kenako akuyenda bwinobwino, pomaliza akudya. Mawu ake sankagwirizana, koma ndinati ndi mmene amaganizira anzathu a ku Japan.

Lamlungu lotsatira a Tembo anatiitanira chakudya kwawo. Anthu atakhuta, ndinatulutsa buku langa n'kuliika patebulo.

"Enafe tinamaliza kale," ndinatero ndikuyang'ana a Tembo. "Woyendetsa sitima uja amamwalira, koma musadandaule. Amadzuka."

Akazi anga anaika foloko pansi. A Tembo anakweza manja. "Ine mulamu siniwerengako ivi. Ni va madamu. Pa Sande m'mawa amakhala ku nchito, manje ine nimangopereka mabuku na mauthenga."

Apo ndiye ndinadziwa kuti miyezi yonseyi ndinkachitira nsanje mtumiki.

Mayi Tembo anatenga bukulo n'kulitembenuza. "Achimwene, munayambira mbali iti?"

Ndinawalozera.

"Uku ndi kumapeto. Awa amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ngakhale timabokosi ta zithunziti. Chenjezo ili likunena zomwezo."

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati m'mabuku a ku America munthu akafa amabwerera ndithu, chaka chamawa ali moyo.

"Chifukwa aja amangosinthana olemba, nkhani siitha," anatero mayiwo. "Iyi anailemba ndi kuijambula munthu mmodzi kuyambira pachiyambi. Akati wafa, wafa."

"Ndiye kuti wamwaliradi?" anafunsa akazi anga motsitsa mawu.

Azimayi onse awiri anatembenukira kwa ine. Mayi Tembo nawonso anali asanafike pamenepo, anali pa buku lakhumi ndi chiwiri. Ndi chiganizo chimodzi ndinali nditaononga nkhani ya azimayi awiri, mmodzi mwa iwo atangondipatsa nkhuku yake.

Ulendo wochoka ku Manassas kubwerera ku Germantown ndi wautali, koma tsiku limenelo unatalika kawiri. Titayandikira kunyumba ndi pomwe akazi anga analankhula. "Mukanandifunsa ndikanakubwerekani loyamba."

Ndinayambadi loyamba, mbali yoyenera. Ndivomere kuti pali masamba ena opanda mawu ngakhale amodzi, mvula yokha ikugwa pa siteshoni, koma umapezeka wakhala chete ukuyang'ana. Zimphona zanga sizinandichititsepo zimenezo.

Akazi anga atafika pa buku lomaliza analira masiku awiri, ngakhale ankadziwa kale. Ndinawayang'ana akupukuta misozi chifukwa cha mwamuna wa inki, ndipo nsanje ija inandigwiranso. Ndinawafunsa ngati ine adzandilire choncho.

"Iye uja ankamvetsera anthu akamalankhula," anatero, n'kutsegula tsamba lina.

Ndaphunzira kufunsa ndisanapse mtima. Koma woyendetsa sitima uja sindimukondabe.